Thumba la Malaya a Khaki

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pamzere wa sopo. Zinali zaka za chipani chimodzi, pamene ukaona mzere unkayamba waima kaye, kenako n'kufunsa chimene chabwera m'sitolo. Ndinali nditasowa malo a Fomu 3, ndipo ndinkangokhala pakhomo m'komboni ya George mu Lusaka, kwa makolo anga amene anachokera ku Dedza ine ndisanabadwe. Mayi wina amene anaima kumbuyo kwanga anawerama, nagwira m'munsi mwa diresi langa pomwe ndinapinda ndekha, n'kutembenuza kuti aone msoko.

"Anasoka apa ni ndani?"

"Ndine."

"Mailo ubwere kuseli kwa chigayo. Ufunse Bana Chanda."

Mawa lake ndinapita, n'kupeza kuti ndi mayi wa pamzere yemwe uja. Bana Chanda anali Mbemba wamfupi, wamawu okhuthala, amene anaphunzira kusoka ku migodi mwamuna wawo akugwira ntchito kumeneko. Ankasoka zofunda za zigamba pakhonde pawo. Mabulangete ankasowa m'masitolo, ndipo chisanu cha Juni mu Lusaka sichidikira kuti katundu afike.

Zida zinali zochepa: makina amodzi opalasa ndi phazi, sizasi yaikulu imene sinkaloledwa kudula pepala, choko, mapini, lezala lomasulira misoko, simbi yamakala, ndi katoni yolimba ya mainchesi asanu mbali zonse. Nsalu iliyonse tinkayamba taichapa kuti ikhwinyate ndi kutaya utoto isanakumane ndi inzake. Ikauma, kusita, kulemba ndi choko mozungulira katoni, kudula. Zigamba tinkazilumikiza m'mizere, mizere n'kukhala nsalu ya pamwamba. Pakati pankalowa bulangete lakale, pansi matumba a ufa wa buledi ochapa mpaka zilembo zitafufutika. Kenako tinkasoka pamanja magawo atatuwo, kuyambira pakati kupita kumphepete kuti pasatsale makwinya.

Lamulo lalikulu linali limodzi. Bana Chanda ankanyamula nsalu n'kuyang'anitsa kudzuwa. Kuwala kukadutsa, nsaluyo yatopa. "Yotopa siingena," ankatero. "Izang'amba na inzake yabwino." Makolala, zigongono, matumba a zovala ndi paliponse pamene panasokedwapo kale tinkaponya m'saka. Saka likadzaza, zidutswazo tinkapakira m'mapilo. Lamuloli ndinaligwira msanga, ndipo ndinkanyadira kuti ndinaligwira.

Mwezi wanga wachinayi, Lolemba lina, Bana Chanda atapita kumaliro ku Chawama, kunabwera mayi wina wovala zakuda, atanyamula kamtolo. Ndinkamudziwa ndi maso: amake Tereza, a tchalitchi chathu. Mwamuna wawo, womanga nyumba, anali atamwalira mwezi wathawo. Monga mwa mwambo, abale a malemu anakhala pansi n'kugawana zovala: jekete kwa mkulu wawo, nsapato kwa mphwake, mathalauza kwa amalume. Mayiwo anawasiyira malaya amodzi a khaki amene palibe anawafuna chifukwa anali akutha. Nyumba nayo anali atauzidwa kuti achokemo. Loweruka ankakwera basi ya ku Chipata, kuti akawoloke kupita kwawo ku Mchinji.

M'kamtolomo munali zitenje ziwiri, timadiresi ta Tereza timene tinamuchepera, ndi malayawo. Ankafuna chofunda cha mwana.

"Malaya aya alowemo," anatero chapansipansi.

Ndinalemba m'kope: utali mainchesi makumi asanu ndi limodzi, m'lifupi makumi anayi, kutenga Lachisanu. Sindinafunse china.

Malayawo ndinawayang'anitsa kudzuwa. Msana unali wolimba, ndipo ndinapezamo zigamba zisanu ndi chimodzi. Kutsogolo kunali kotopa. Thumba lapachifuwa linali loipitsitsa: winawake analisoka ndi ulusi wobiriwira, misoko yaitali yokhotakhota ngati mapazi a nkhuku pamatope. Ndinaseka, ndinalidula mozungulira, ndinaliponya m'saka. Lachitatu ndinapakira mapilo asanu ndi limodzi. Lachinayi anayi mwa iwo anapita kumsika wa Matero, kwa mayi amene ankatigulitsira.

Lachisanu m'mawa amake Tereza anabwera. Tinayala chofunda pamphasa. Chinali chowongoka, ngodya zonse zikukumana. Anagwada, nayendetsa dzanja pa chigamba chilichonse cha khaki, chimodzi chimodzi. Anatembenuza chofundacho. Anachibweza. Kenako anafunsa osandiyang'ana.

"Nanga thumba?"

Ndinati linali lotha, ndiponso losokedwa moipa.

"Anasoka okha bambo ake Tereza," anatero. "Ine ndili kuchipatala, nditabereka Tereza. Anabwera atavala choncho, wodi yonse inaseka. Ndinawauza kuti ndidzakonza ndikatuluka, iwo anakana. Ati ndi ntchito ya mmisiri."

Sanalire, ndipo sanandikalipire. Anayamba kupinda chofundacho bwinobwino, n'kunena zikomo. Zikomo ameneyo ndimamumvabe mpaka lero.

Bana Chanda anachotsa phazi pamakina. "Mayo, siyani apo. Mubwere mazulo." Atachoka mayiwo, anandiyang'ana. "Iwe Agnesi, unafunsa?"

"Sindinafunse, bamayo. Munati yotopa siilowa."

"Ninakamba za nsalu. Tenga lezala."

Mapilo awiri otsala pakhomo tinawamasula n'kukhuthulira pamphasa. Munalibe. Tinayenda wapansi kupita ku Matero, Bana Chanda patsogolo, ine pambuyo ndi saka lopanda kanthu. Pabenchi panali mapilo atatu. Tinawang'amba pomwepo, amayi a tomato akuyang'ana n'kumafunsana ngati tataya mphete. Munalibe. Wachinayi anali atagulidwa dzulo lake ndi mkazi wa wosoka nsapato wa pafupi ndi mpopi wa kumapeto kwa George.

Tinamupeza akuchapa. Bana Chanda atangonena kuti tikufuna kutsegula pilo, nkhope ya mayiyo inasintha. Anapukuta manja pachitenje, naima pakhomo.

"Mwaikamo chani? Nagonapo na bamuna banga usiku wonse. Manje mubwela ati tichosemo kanthu?"

Ndinamvetsa mantha ake. Munthu sabwera kudzatenga kanthu m'pilo wa mnzake popanda chifukwa, ndipo m'komboni aliyense ankadziwa nkhani za zithumwa zosokeredwa m'mitsamiro. Anthu oyandikana nawo anali atayamba kale kuyandikira. Ndinkayembekeza kuti Bana Chanda andiloza. Sanatero. Anakhala pansi pafumbi, miyendo yotambasula, ngati munthu wobwera kudzapepesa maliro.

"Ni ise tinalakwa, mayo. Muli thumba ya shati ya munthu anafa. Mukazi wake anasala na iyo chabe. Vonse vinangu banatenga babululu. Ayenda mailo."

Mayiyo anati, "Na ine bamayo banga banabasiyila mpando umodzi chabe." Analowa m'nyumba, natuluka ndi pilo ndi lezala lake, n'kumasula msoko yekha.

Thumba lija linali pansi penipeni, litapindika pakati pa kolala ya diresi ndi chidutswa cha thalauza. Ngodya imodzi sizasi yanga inali italuma pang'ono. Ulusi wobiriwira unali wonse.

Titabwerera, ndinatenga simbi kuti ndiliwongole. Bana Chanda anandigwira dzanja. "Osachisa, osawasha. Ika che." Anandiuza kuti ndiike kansalu katsopano kuseri kwake kuti kanyamule kulemera, ndisoke pamanja mbali zitatu, pakamwa ndisiye potsegula, ndipo singano yanga isaboole pamene panadutsa ulusi wa malemu. Ndinaliika pakati penipeni pa chofunda. Linali lopendekeka, ndipo linasokoneza mzere umene ndinauyeza ndi katoni masiku atatu. Ndinamaliza dzuwa lisanalowe.

Amake Tereza anabwera ndi mwana wawo, kamtsikana ka zaka zisanu. Anayala chofunda, naona. Analowetsa zala zinayi m'thumbamo, monga mmene mwina ankachitira pochotsa pensulo asanachape malayawo, n'kuzisiya momwemo. Mwanayo anasuzumira.

"Ya adadi," anatero.

Madzulo amenewo ndinasokanso mapilo onse asanu ndi limodzi, ndipo wa mkazi wa wosoka nsapato ndinakapereka ndekha. Bana Chanda sanandichotse ntchito, ndipo nkhaniyi sanaitchulenso. Anangotenga kope langa la miyeso, n'kujambula mzere wina pambali pa utali ndi m'lifupi. Pamwamba pake analemba mawu amodzi: Osadula.

Ndinakhala nawo zaka zitatu. Mzere umenewo nthawi zambiri unkatsala wopanda kanthu, koma nthawi zina munkalowa batani, kachigamba kotopa, kapena dzina lolembedwa ndi inki pakolala. Makina ndili nawo anga tsopano, ndipo ndimayang'anitsabe nsalu kudzuwa. Koma munthu akandibweretsera kamtolo, sizasi imakhala m'dirowa mpaka nditamukhazika pansi ndi kumufunsa kuti chovala chilichonse chinali cha yani, ndipo ndi pati pamene ndisakhudze.