Kachinkhanira kopanda mchira

Nditangochoka kwathu ku Mulanje ndinapeza kachipinda ka lendi ku Chinsapo, kwa amayi ena ogulitsa mandasi. Anali opemphera koopsa, koma ine sankandikhulupirira. "Anthu akumwera mumadziwa zambiri inu," ankatero.

Loweruka lina ndikuyanika mabuku anga akale padzuwa, m'buku lina munatuluka kachilombo kochepa kuposa nsikidzi, ka timanja topanira ngati chinkhanira. Mchira kanalibe. Ine kupusa kwanga, ndinaitana amayi aja kuti adzaone.

Anawerama, kenaka anadzuka manja ali m'chiuno. "Mchira wake uli kuti?"

"Kanabadwa choncho, Amayi."

"Iii! Chinkhanira kubadwa chopanda mchira? Mwadula inu, mukufuna chizimba. Mwezi ukatha musamuke!"

Ndinapsa mtima, komanso mantha anandigwira. Ganyu ndinali nditangoipeza kumene ku Biwi, ndiye ndikagona kuti? Ndinayamba kusaka tizilomboti ngati wamisala, kuti aone okha kuti tili paliponse. Kofiirira ndinakapeza pansi pa khungwa la nkhuni, kakuda m'masamba owola patsinde pa mango, kotuwa m'khola la nkhuku zawo zomwe. Kena ndinakagwira katakakamira mwendo wa ntchentche, kakukwera ulere ngati mlamu wa kondakitala. Tonse ndinatiika m'kabotolo n'kukawaonetsa monyadira.

"Mayo ine! Zonsezi mwadula?"

Ndinali nditadzikumbira ndekha dzenje.

Lamulungu lomaliza la mweziwo masana anabwera ndi buku lawo la nyimbo, ati ayeretse chipindacho ndisanatuluke. Ine ndinangokhala pa chikwama changa, misozi ili pafupi. Anatsokomola, anatsegula bukulo, ndipo pakati pa nyimbo penipeni panatuluka kamnzathu kaja, kakuyenda chobwerera m'mbuyo, timanja tili m'mwamba. Nakonso mchira kanalibe.

Anatseka bukulo pang'onopang'ono, n'kuyang'ana kudenga.

"Khalani," anatero, basi n'kutuluka.

Ndinasangalala mpaka ndinavina ndekha. Ndinkati nkhani yatha.

M'mawa mwake ndikutsuka mkamwa kuseri, anandipeza, anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona: "Mwanangu, mandasi sakuyenda masiku ano. Pa michira ija, simungandigawireko umodzi?"

Ndinalumbira pali Mulungu kuti ndilibe. Chipinda sanandilande, koma mpaka tsiku lomwe ndinasamuka ndekha, ankauza anzanga a lendi kuti sanaonepo munthu woumira ngati ine.