Nthambi za Tsanya pa Mphambano

Ulendowo anaufuna ndi atate. Ankati asanakalambe kwenikweni akaonenso chigwa cha Zambezi, kudzera njira ya m'mapiri imene ankayenda ali mnyamata. Ine sindinaukonde chiyambire. Munthu wa matenda a shuga, wobaya jakisoni m'mawa ndi madzulo, kukagona m'tenti kuthengo mu Okutobala? Koma kwathu mwana wamkazi ukatsutsa amangoti uli ndi mantha, ndiye ndinangomanga katundu.

Tinanyamuka ku Chalimbana ndi magalimoto awiri. Kutsogolo kunali achimwene ndi atate, kumbuyo ine ndi amuna anga. Bokosi la ayezi momwe munali mankhwala a atate linakwera kwathu, poti m'galimoto mwathu ndimo munali pamthunzi.

Tinagona mumtsinje wouma. M'mawa nditawabaya jakisoni, atate anatilangiza za njira. Foni sizigwira kumeneko, ndipo njira za owotcha makala zimangophukira paliponse, zonse zofanana. Anati tichite monga ankachitira kwawo ku Katete: wotsogola akafika pa mphambano amathyola nthambi yaiwisi n'kuigoneka pa njira yosayenera. Wotsatira akaiona amadziwa kuti kumeneko n'kotseka.

Ife tinkatsalira dala chifukwa cha fumbi. Mphambano zoyambirira zinayenda bwino, nthambi ili apo, ife kwina. Amuna anga mpaka anayamba kuimba nyimbo za kwaya, zomwe sadziwa n'komwe.

Dzuwa lili pamutu tinafika pa mphambano ina pamiyala yokhayokha, posaoneka pomwe padutsa tayala. Njira ya kumanja inali itatsekedwa ndi nthambi za tsanya, osati imodzi koma mulu.

"Apa ba mulamu batsekeratu," anatero amuna anga akuseka, n'kukhotera kumanzere.

Tinayenda, tinayenda. Njira inayamba kuchepa, udzu wouma ukukwapula pansi pa galimoto. Fumbi la achimwene silinkaoneka paphiri lililonse. Ndinkangotsegula bokosi lija kukhudza ayezi, ndipo nthawi iliyonse ndinkapeza madzi achuluka.

"Imwe, sitinasobe?" ndinafunsa.

"Ukatsegula-tsegula ndiye ice izasila. Nkhala chabe."

Ndinkawerenga dzuwa, osati njira. Atate akaphonya jakisoni wa madzulo pa kutentha koteroko, ndinkadziwa zotsatira zake: ludzu losatha, kusanza, kenaka tulo tosadzutsika. Ndinaziona kale kamodzi, koma tsiku limenelo chipatala chinali pafupi.

Njira inathera pa uvuni wakale wa makala. Panalibe munthu, panalibe chitsa chofuka. Amuna anga anazimitsa injini, ndipo kunangomveka nyenje zikulira.

Tinangoganiza zobwerera. Potembenuka tayala linang'ambika pa chitsa, ndipo ndinagwira jeki ndikutukwana chamumtima ulendowo, Katete, ndi aliyense amene anayambitsa zothyola nthambi.

Titafikanso pa mphambano ija ndinatsika kukayang'anitsitsa. Nthambizo sizinathyoledwe ndi dzanja. Zinali zokhadzulidwa kuchokera pamwamba pomwe munthu sangafike, makungwa atasendeka, ndipo pambali pake panali ndowe zazikulu zikadali zonyowa. Njovu zinadutsa pakati pa ife ndi achimwene, n'kudyera pa njira yoyenera. Nthambi ya achimwene ndinaipeza m'mbali mwa njira ya kumanzere, yopondedwa, masamba atadyedwa.

Tinakoka nthambizo mofulumira, maso ali kutchire. Dzuwa linali litafiira. Njira ya kumanja inkatsika phiri mokhotakhota, miyala ikugubuduka pansi pa matayala, phompho lili mbali yanga. Masiku ena ndikanatseka maso. Tsikulo ndinkangoti, "Thamangani, imwe, thamangani."

Tinawapeza m'munsi mwa phiri. Achimwene anali atayesa kubwerera kudzatifuna, koma galimoto yawo inatentha pachitunda n'kukana. Anatithamangira nkhope itatuwa, n'kungolanda bokosi m'manja mwanga.

Atate anali atagona pamphasa pansi pa mtengo, malaya atavula, milomo itauma gwa. Ndinagwada, ndikulephera kulowetsa singano m'kabotolo. Ndinawaitana kawiri asanatsegule maso. Atandizindikira anandigwira mkono mofooka, ine n'kuweramira pafupi kuti ndimve pomwe pakuwawa.

"Mayi," anatero, "vakudya vonse vili mu motoka yathu. Kuchokera kuseni, m'mawa muja, simunadye?"