Zigubu zimene ndinkatumiza ku Katete

"Pita, tione ngati ku Lusaka amalipira ukali!" Atate anakuwa choncho m'munda wa thonje ku Katete, nditathyola mpini pokangana nawo. Ndinapitadi.

Ntchito ndinaipeza ku Industrial, pafakitale ya zigubu. Pulasitiki wotentha amatsika ngati thumbo, chikombole n'kutseka, mpweya n'kumufufumitsa. Ndinkagona m'khitchini ya eni ku Kabwata, wocheza naye ndinalibe. Malipiro ankathera pamzere wa ufa, ndiye kwa mkazi wanga Tisa ndinkatumiza zigubu. Zinali zakale, zochokera kumafamu kuti tizigaye, ndipo kale munali mankhwala a mbozi. Antchito tonse tinkangotsuka ndi sopo n'kupatsira kondakitala wa basi.

Tsiku lina kapitawo wathu, ba Mulenga, anandikodola, n'kundilonjera m'chinenero chakwawo. "Shani, Phiri? Bwela uone munda wa kwanu."

Chinali chithunzi chochokera kunja, chojambulidwa ndi maikulosikopu ya magetsi. Ndinaona mizere, maenje ndi ming'alu, ngati dimba louma.

"Ni mukati mwa chigubu umu," anatero. "Iwe uona monga niposalala. Mankhwala yakangena umu, sopo siyafika."

Mwana wanga Mwai ankamwa madzi a m'chigubu chotero. Kuuza abwana sindikanatha: kutulutsa katundu wa kampani ya boma kunali kuba, ndipo anyamata a chipani sankafunsa kawiri. Ndinanama kuti kwagwa maliro, n'kukwera basi. Njira yonse ndinkaopa kuti bodzalo ndikalipeza lasanduka zoona.

Mwai ndinamupeza akusewera, ali bwino. Ndinakuwa ndisanapereke n'komwe moni: "Zigubu zili kuti?"

"Mwafika bwanji kaye, a bambo a Mwai?" anatero Tisa. "Pano chatsala chimodzi. China chili kwa azakhali anu, china amatungira kusukulu. Zija zikuluzikulu zimayenda pamaliro ndi thobwa."

Ndinali nditaiwala kuti kwathu chinthu chabwino sichigona nyumba imodzi. Ine ndinkati ndikutumizira banja langa, chonsecho ndinkamwetsa mudzi wonse.

Ndinafotokoza za maenje aja. Azakhali analowetsa chala m'chigubu chawo, n'kuseka. "Posalala chonchi? Mwana wa achimwene, tauni yakuzunguza mutu."

M'mawa mwake ndinaika chitsulo pamoto mpaka chinafiira. Ndinaboola chigubu chathu pansi, Tisa akuyang'ana. Kenako ndinalunjika kwa azakhali, chitsulo chikufukabe utsi.