Makina a Bambo Anapita kwa Mlongo Wanga

Abale anga akamasimba nkhaniyi pamaukwati amati bambo anapatsa mlongo wanga Julita makina osokera ine ndikuwomba m'manja. Limenelo ndi bodza, ndipo liyenera kukonzedwa ndisanamwalire. Sindinawombe m'manja ayi. Ndinapita kuseri kwa bafa kukalira.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Bambo anali telala pakhonde la sitolo ya mmwenye wina ku Limbe. Makolo awo anachokera ku Mozambiki, choncho matelala anzawo ankawaitana ndi dzina lija lonyozera Alomwe, limene cholembera changa chikukana kulilemba. Malo awo anali kumapeto kwa khonde, kumene mvula inkafika. M'mawa uliwonse ndinkasenza mutu wa makinawo kuchokera ku Chinyonga, mafuta ake akununkha m'malaya mwanga, ndili wotsimikiza kuti tsiku lina adzakhala anga. Kodi sindinali mwana wamwamuna yekhayo?

Maso a bambo atachita ng'ala, anaitana Julita, amene ankangosokerera mabatani kunyumba, kuti akhale pampando wawo.

"Bambo, nanga ine?" ndinafunsa.

"Iwe umasenza bwino," anayankha. "Uyu amasoka bwino."

Matelala anafa nacho chiseko. A Chikopa, wamkulu wawo, anafuula: "Achimwene, khonde si khitchini! Lero mwatibweretsera mkazi, mawa mutibweretsera mbuzi?" Mwini sitolo anati mtsikanayo ayesere, koma ogula akadandaula, makinawo achoke pakhondepo. Kuchoka pamenepo kukanatigonetsa ndi njala tonse. Ngakhale zinali choncho, mtima wanga unali kumbali ya a Chikopa.

Masiku amenewo mayi wodzilemekeza sankalola mwamuna wachilendo kumuyeza m'chiuno ndi tepi. Ankabweretsa diresi lakale, telala n'kutengerapo muyeso, ndipo latsopanolo linkatuluka lothina kapena lokhwepa. Julita anapachika chitenje pakona n'kuyamba kuyeza amayiwo kuseri kwake. Anayamba ndi akazi a amalonda achisilamu, anatsatira amayi a mvano a kutchalitchi, ndipo pomalizira pake anabwera mkazi wa mwini sitolo yemwe. Nsalu zinayamba kutha m'mashelefu. Posakhalitsa Julita anaikidwa pafupi ndi khomo, a Chikopa n'kukankhiridwa kumvula kuja. Ine ndinapitiriza kusenza, koma tsopano ndinkasenzera mlongo wanga, amayi aja n'kumandiuza kuti, "Iwe mnyamata wa a telala, tapatuka."

Ndinakula, ndinaphunzira, ndinagwira ntchito muofesi ku Blantyre, ndipo pamisonkhano ndimalankhula bwino ndithu za ufulu wa amayi. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti ine, amene ndinkapsa mtima bambo akamanyozedwa chifukwa cha mtundu wawo, ndinkafuna mlongo wanga amanidwe mpando chifukwa chakuti ndi mkazi. Chilungamo chimakoma pochinena. Chimawawa chikakulanda chimene unkachiyesa chako.

Zimene aliyense anataya ndi izi. Julita: sukulu, bwenzi limene makolo ake anakana "mkazi wa pakhonde", ndi msana wowongoka. Bambo: moni wa matelala anzawo. A Chikopa: malo ouma. Ine: makina amene sanakhalepo anga, ndipo ndikawaona m'nyumba mwa Julita ku Manja, khosi limandiwawabe ngati ndikali kuwasenza.