Aida wa ku Nthalire ndi Mlatho wa Bambo Ake

Inu amene mwatopa nako kulephera, imvani za Aida wa ku Nthalire.

Chaka chimene analephera mayeso a Fomu 4 kachiwiri ndi chomwenso anataya amayi ake. Amayiwo anadwala mwakayakaya m'dzinja, ambulansi inabwerera pamtsinje poti mlatho wamitengo unali utakokoloka, ndipo anatsirizikira pamachila anthu akufunafuna powolokera.

Chichokereni kumanda, bambo ake, a Safeli, anasiya munda. M'mawa uliwonse ankapita kumtsinjeko ndi nkhwangwa, kudula mitengo ndi kusenza miyala okhaokha kuti amange mlatho wina. Anthu ankati mutu wawazungulira.

Aida anayamba kuwatsatira ndi kafoni kong'aluka galasi.

"Ukujambula vichi, mwana wane? Umphawi?" anafunsa a Safeli.

"Ndikujambula inu, adada. Anthu aone."

Ntchito yojambula ya miyezi isanu ndi iwiri inathera m'madzi tsiku limene Aida anaterereka pamwala, foni n'kumira. Analira masiku awiri osadya. Kenako anakwera lole ya ku Chitipa boma, nayamba kusesa pashopu ya a Rodwell, ojambula maukwati. Malipiro sanawafune. Anapempha kuti amuphunzitse kulumikiza kanema pakompyuta, ndi kumubwereka kamera yakale sabata imodzi pamwezi.

Atabwerera kumudzi anapeza a Safeli atawonda, akutsokomola, mwala sakuuthanso.

"Jambula msanga," anatero. "Masiku anga achepa."

Tsiku limenelo anakhala pagombe n'kusimba za akazi awo kwa nthawi yoyamba. Aida anagwira kamera misozi ikutsika, koma sanaizimitse. A Safeli anamwalira patapita masabata atatu, mlatho uli pakati.

Kanemayo anakanidwa malo anayi oonetsera makanema. Achisanu anamutenga, nakamuonetsa kunja kwa dziko pamodzi ndi a achinyamata a ku Peru ndi Nepal. Aida atamuonetsa kwawo, pansalu yoyera m'tchalitchi, amene ankaseka a Safeli aja anatuluka zyoli. M'mawa mwake amuna anatsikira kumtsinje ndi nkhwangwa.

Lero Aida ali ku Chisenga, akujambula mayi wosaona amene amalima nyemba yekha. Chisoni sichinamuchoke. Amangodzuka nacho n'kupita kuntchito.

Nanunso musadikire kuti misozi iume kaye. Dzukani nayo, gwirani chimene chili m'manja mwanu. Mtima wokha musautaye.