Mawondo a woyimbira mpira wa ku Ntengo-Wambalame

A Dinis Chimbalanga sanali munthu wokhala pansi. Ngakhale pamaliro, anzawo atakhazikika pamikeka, iwo ankapezeka uku akuwaza nkhuni, uku akukasuzumira ngati manda akuya mokwanira. Akazi awo, mai Joaquina, anatopa n'kuwauza kuti apumeko.

Ankalima zimene aliyense amalima ku Ntengo-Wambalame: chimanga, nyemba, ndi kachewere kudimba. Koma chimene anatchuka nacho ndi apito, kawezulo kachitsulo kamene anayamba kuyimbira mpira mu 1995, anthu atangobwerera kuchokera ku Malawi kumene anathawira nkhondo. Lamlungu lililonse mapemphero akatha, ankavala kabudula wakuda n'kupita kubwalo. Midzi inkawakhulupirira chifukwa ankathamanga limodzi ndi mpira. Chimene aweruza, ankakhala atachiona ndi maso awo.

Mawondo anayamba kuvuta ali ndi zaka 57. Linayamba ndi lamanzere, m'mawa wa mu Junho udzu utayera ndi chisanu. Chaka chisanathe, onse awiri. Akamatsika chitunda cha kudimba atasenza thumba la feteleza, ankamva ngati wina wathira mchenga m'kati mwa bondo. Kubwalo osewera sanachedwe kuzindikira.

“Madala, sunthani! Mukuyimba muli kutali ku Furancungo!” ankakuwa motero.

A Dinis ankaseka nawo, koma kunyumba chakudya sichinkalowa.

Mwana wawo Dércia, amene amagulitsa m'sitolo ku Tete, anatumiza kabotolo pa chapa, minibasi yonyamula anthu. Papepala lake panali chithunzi cha nkhalamba ikudumpha chingwe, ndi mawu oti glucosamina.

“Papá, amenewo si mankhwala a kuchipatala ayi,” anatero Dércia pafoni. “Ndi owonjezera zimene zikusowa m'thupi. Abwana anga amamwa. Akuti amabwezera mafuta m'mawondo.”

Anayamba kumwa mu Setembro, makapusula awiri patsiku. Kunja kunayamba kufunda, ntchito ya kudimba inachepa, ndipo ululu nawo unachepa. A Dinis anauza aliyense: kutchalitchi, kuchigayo, ngakhale woyendetsa mota, njinga yamoto, amene anangoima kufunsa njira. Mu Outubro anathamanga masewera onse osaimako. M'mawa mwake bondo lamanzere linatupa ngati chipanda, koma iwo anati ndi mankhwalawo akugwira ntchito.

Mvula itagwa, khasu litabwerera m'manja, ululu unabwerera wonse, botolo lachiwiri lili pakatikati. Apa ndiye mtima unawauluka. Anati mwina mtundu wake ndi wofooka. Anapalasa njinga mpaka kumsika wa m'malire, n'kubwerako ndi ufa wa chammwamba. Sabata ziwiri, osaona kusintha. Anagula makapusula a mafuta a nsomba, amene ankawageyetsa fungo la usipa tsiku lonse. Wina anawauza za msuzi wa mang'ina a ng'ombe, ndipo mai Joaquina anawiritsa mpaka nkhuni za mwezi zinatha pa masiku khumi.

“Bambo a Dércia, pawindo pano pasanduka farmácia,” anatero mai Joaquina. “Mukumwa zinayi nthawi imodzi. Chikakuchiritsani mudzadziwa bwanji kuti ndi chiti? Nanga chikakupwetekani?”

Funso lachiwirilo linawalowa. Anaika mabotolo onse m'jumbo n'kupita nawo kuchipatala. Namwino wake, mai Palmira, anawagoneka pabenchi, kupinda bondo, kuliwongola, kumvetsera mmene likukukutira. Kenako anawerenga mabotolo limodzi limodzi.

“Ndiuzeni chilungamo, enfermeira. Amathandiza kapena ayi?”

“Ena amati amamvako bwino pang'ono,” anayankha mai Palmira. “Koma pamene madokotala anayesa anthu ambiri, ena kuwapatsa enieni, ena makapusula opanda kanthu, kawirikawiri kusiyana kunali kochepa kwambiri, mwina osaoneka n'komwe. Chimene ndikudziwa n'chakuti chichereŵechereŵe cha m'bondo chikaperepeseka, palibe kapusula wochibwezera.”

“Nanga bwanji ndinachira mu Setembro?”

“Mu Setembro munkalima?”

A Dinis anayamba kubwezera mabotolo aja m'jumbo.

Namwinoyo anawaonetsa mmene angalimbitsire minofu ya ntchafu atakhala pampando, kukweza mwendo n'kuutsitsa pang'onopang'ono. Anawapatsa paracetamol wa masiku oŵaŵa kwambiri. Anati kuyenda n'kwabwino, njinga n'njabwino, koma matumba pachitunda ndi kuthamanga kotembenuka mwadzidzidzi azisiye.

“Ndiye kuti mpira?”

“Bondo ndi lanu, tio. Ine ndanena zimene ndaona.”

Anatuluka atakwiya. Panjira ankadziyankhulira okha kuti mtsikana ameneyu sanagwirepo apito. Ufa ndi mafuta a nsomba anasiya, koma glucosamina anapitiriza, ndipo mpira sanausiye.

Mu Maio munali masewera aakulu, a kwa Kalipa ndi a kwa Mpatsa, midzi yosagwirizana kuyambira kale. Kutatsala mphindi zochepa, palibe amene anali atagoletsa. Wosewera wa kwa Kalipa anathamanga ndi mpira kuchokera pakati. A Dinis ananyamuka kumutsatira, koma bondo linangoti gwa, kukana kupindika. Anaima pakati pabwalo atagwira ntchafu. Anangomva mpira ukuwomba mtengo wapamwamba wa golo, kugwa pansi, fumbi koboo, kenako phokoso la anthu a kwa Kalipa. Maso onse anali pa iwo. Analiza apito n'kuloza pakati: chigoli.

Goloboyi wa kwa Mpatsa, Clemente, bambo wa ana atatu amene a Dinis anamuyimbira mpira kuyambira ali wamng'ono, anayenda kudzawapeza. Sanakuwe.

“Madala, mwauona mpirawo ukudutsa mzere?”

A Dinis anayang'ana golo, kutali kumene kuja.

“Sindinauone, mwanawe.”

Anakweza manja n'kulengeza kuti chigolicho achibweza, chifukwa sangapereke chimene sanaone. Bwalo linasokonekera. A kwa Kalipa anatola mpira wawo n'kumapita akutukwana, masewera osatha. A Dinis anafika kunyumba akutsimphina, atatsamira njinga ya munthu wina.

Sabata yotsatira anapereka apito kwa a Felisberto, mphunzitsi wa pasukulu yapafupi. Masabata atatu sanapite kubwalo, ndipo mai Joaquina anavutika nawo. Anafolera khola losadontha, anasamutsa nkhokwe, anakangana ndi nkhuku. Lamlungu lachinayi mai Joaquina anang'amba chitenje chofiira, kuchimanga kukamtengo, n'kuwapatsa.

“Pitani mukaimike mbendera m'mbali. Kuno mwandikwana.”

Mpaka pano ali m'mbali mwa bwalo, kuyenda chokwera ndi chotsika mumzere, akukupiza mbendera ndi kukalipira a Felisberto kuti sakuona. M'mawa uliwonse amakweza miyendo kakhumi kakhumi, akuwerenga mokweza mu Chipwitikizi. Masiku ena mawondo amawalola, masiku ena ayi, makamaka mu Junho.

Posachedwapa mai Nélia, oyandikana nawo nyumba, anabwera kudzafunsa za makapusula aja. Amayi awo mawondo akuwavuta, ndipo anamva kuti a Dinis anayesa zonse.

“Ndinamwa mabotolo asanu,” anatero a Dinis, akupopa tayala la njinga. “Ndikanama ndikati anandichiritsa. Ndikanamanso ndikati ndikudziwa kuti sanachite kalikonse. Apititseni kaye kwa enfermeira akawagwire bondolo. Ndipo madzi asamakatungenso okha kuchitsime cha kumunsi chija.”

Mai Nélia anafuna kufunsanso, koma a Dinis anali atakwera kale njinga. Anati mbatata ya kachewere ikuwadikira kudimba, ndipo dzuwa lakwera.