Mpunga wa alamu ukuyenda pafoni

Lachiwiri lapitali ndidaona zomwe zidandiwawa mumtima, ndipo sindikubisirani awerengi: ndachita nsanje.

Ndidali pakhonde la golosale yanga pa Manjawira, ndikuthamangitsa ntchentche, pomwe minibasi ya ku Blantyre idaima tsidya la msewu. Kondakitala adayamba kukweza matumba a mpunga. Mwini katunduyo adali mlamu wanga Nangozo, mkazi wa mng'ono wanga, foni ili m'manja, akujambula thumba lililonse likamalowa.

"Mwaswera bwanji alamu?" adandifunsa minibasi itanyamuka.

Ndidati ndaswera bwino. Lidali bodza.

Golosale imeneyi adamanga ndi malemu bambo anga ndi thukuta la ku Joni, komwe adakumba mgodi mpaka chifuwa chidawabweza kumudzi. Ili ndi malata, mashelefu ndi sikelo. Mpunga timapikula kwa a Chimbalanga, mlimi wa kuchigwa cha Bwanje, kuyambira nthawi ya bambowo. Nangozo alibe shopu, alibe ngakhale benchi pamsika. Ali ndi kafoni kong'aluka galasi basi.

Chomwe chimandizunguza mutu n'chakuti mpunga sagula ndi maso. Wogula amatapa m'manja, kununkhiza, kuluma kanjere kamodzi, kunenerera, kenako kupempha basera. Nanga munthu ali mutauni amanunkhiza bwanji chithunzi?

Lachitatu ndidati nanenso ndili ndi zala. Ndidagula bandulo, kujambula mpunga wanga, n'kuuika pafoni kuti dziko lonse liuone. Adayankha ndi anthu awiri. Mnzanga wa kukwaya adalemba kuti Ambuye adalitse. Msuweni wanga wa ku Nzama adapempha kuti ndimutumizireko wolawa.

Poti safunsa adadya phula, ndidameza manyazi n'kukamufunsa mlamuyo.

"Amanunkhiza kamodzi kokha, alamu," adatero akupeta. "Ndidayamba n'kutumiza waulere kwa achemwali anga omwe amagwira ntchito mutauni. Ataphika n'kupita nawo kuofesi, fungo lidagwira lokha ntchito. Pano thumba lililonse ndimaikamo kajumbo ka mtedza. Basera saiwala, ngakhale wogulayo simudamuonepo nkhope."

Kenako adayamba kudandaula. Akuti kuti uthenga uchoke amakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, dzanja lili m'mwamba. Magetsi akazima foni imagona, ogula n'kumaganiza kuti wathawa. Tsiku lina mpunga udafika ukununkha usipa chifukwa kondakitala adausanja pansi pa dengu la nsomba. Pomwe iye akudikira minibasi idzaze, anzake a mutauni amakhala atafikitsa kale katundu pakhomo la wogula panjinga yamoto. Palinso mpunga wakunja, wa m'mapaketi owala, womwe wogula amaupeza pafoni pomwepo.

Akuluakulu pawailesi amatiuza kuti msika tsopano ndi dziko lonse, tingolowa pa intaneti. Adayamba akwerapo pachulu iwowo? Tipikisana bwanji ndi wamalonda wakunja pomwe bandulo ikutha chithunzi chisadafike, ndipo katundu wathu akuyendera chisomo cha kondakitala? Mayi uyu akuthamanga mpikisano wopanda nsapato, koma akutisiyabe m'mbuyo ife a mashelefu.

Ndimayenera kumumvera chisoni, si choncho? Ayi ndithu. Ndidasirira ngakhale mavuto akewo. Kudandaula kuti katundu wachedwa n'kwa munthu yemwe ali ndi womudikira. Wanga mpunga sudachedwepo, chifukwa supita kulikonse.

Ndipo ife a m'magolosale tili ndi matenda athu. Mnzathu akayamba kugulitsa pafoni timati ndi zachibwana. Zikamuyendera timati pali mankhwala. Inenso ndidanenapo zimenezi pabawo, ndikuvomera.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lachisanu a Chimbalanga adafika panjinga ndi thumba limodzi lokha, iwo omwe kale ankabwera ndi ngolo.

"Enawo atenga alamu anu aja," adatero akuyang'ana pansi. "Ili ndakusungirani chifukwa cha malemu bambo anu."

Ndiye kuti golosale yanga tsopano ikulandira katundu ngati chipepeso.

Madzulo ake Nangozo adabwera, n'kugwada pakhomo mwaulemu wake wonse, monga achitira mkazi wolangizidwa bwino.

"Alamu, shopu yanuyi ili pamsewu penipeni, komanso netiweki imagwira bwino pakhonde pano. Bwanji ndizisungiramo matumba anga? Inu muzingondikwezera minibasi ikafika."

Ndidamuuza kuti ndiganize kaye. Mpaka lero ndikuganizabe, ndipo thumba la a Chimbalanga lija silidatsegulidwe.

Zaka zonsezi ndakhala pakhondepo kudikira wogula wodzanunkhiza, osadziwa kuti ndakhalira netiweki yomwe mlamu wanga amaikwerera chulu. Tandiuzani awerengi: ndikane kuti dzina la bambo lisanyozeke, ndizithamangitsabe ntchentche, kapena ndivule jekete ndiyambe kusenza matumba a mkazi wa mng'ono wanga?